Telala Wosoka Misoko Kunja

Mukalowa m'kashopu ka a Telala, kamene kapanikizika pakati pa wometa ndi wokonza mafoni, choyamba kuona ndi tizovala ta ana tolendewera pa waya pafupi ndi zenera. Timadiresi, timalaya, timakabudula, tonse misoko ili kunja. Mlendo amayamba wayang'ana tizovalato, kenako n'kuyang'anitsitsa mwini shopu m'maso kuti aone ngati bamboyu amalawako. Salawa ayi. Ndipo mumsewu wonsewo, ngakhale mutapita mpaka kumapeto kwake, simupeza munthu wodziwa msoko kuposa iwo.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo, munthu amene pakamwa pake sipankatuluka mawu oyamikira ngakhale pa tsiku labwino. Amalumewo ankasunga lezala m'thumba la malaya. Ukhoza kusoka thalauza tsiku lonse, msana mpaka kuwawa, koma iwo akangoona kaulusi kakusuzumira kapena msoko wotukumuka, ankatulutsa lezala ija n'kuphwasula zonse. Akamaliza m'pamene ankalankhula: "Wovala aone chovala, asaone pamene wadutsa iwe." Mnyamata uja anakula ndi mawu amenewa mpaka anamulowa m'magazi. Atatsegula shopu yakeyake, misoko yake inali yopinda kawiri, yobisika m'kati, yolimba moti nsalu inkayamba kutha msoko ukadali phee.

Analinso ndi kakhalidwe kena kamene kanawapezetsa adani ndi mkazi yemwe. Ankayenda ndi kasizasi m'thumba, ndipo akaona ulusi ukulendewera pa chovala cha munthu, kaya amudziwa kaya samudziwa, dzanja linkangopita lokha. Tsiku lina pa siteji ya basi anadula kaulusi pa mkono wa bulauzi ya mtsikana wina wogwira ntchito ku fakitale ya sopo. Mtsikanayo anatembenuka, kuwayang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Achimwene, mwandipempha?"

"Pepani chemwali, kamalendewera."

"Kamalendewera pa mkono wanu?"

Nkhani imeneyo sinathere pa siteji. Mpaka lero amakhala nyumba imodzi, ndipo mayiwo sanasinthe, lilime lawo likadali lakuthwa monga tsiku lomwelo.

Mwana wawo anabadwa wamng'ono, wozungulira nkhope, ndipo bambo ake atangomuona anati, "Kabatani aka." Dzina linamata pomwepo. Poti amayi ake ankapita ku fakitale m'mawa, Kabatani anakulira pansi pa tebulo lodulira nsalu. Zoseweretsa zake zinali tizidutswa ta nsalu, timachoko tothyoka ndi chitini cha mabatani chimene ankachikhuthula ndi kuchidzazanso osatopa. Za kuvala musachite kufunsa. Mwana wa telala uyu ankatchena moti amayi ena ankabwera ndi ana awo n'kuloza: "Mundisokere ngati ka Kabatani." A Telala ankangovomera ndi mutu, koma mumtima munkavina.

Kabatani ali ndi zaka zinayi, amayi ake pomusambitsa anaona timatuza m'munsi mwa mimba ndi m'ntchafu. Anati mwina ndi katsabola, kadutsa. Sikanadutse. Matuza ankaphulika, chilonda chikayamba kuuma pakati, ena atsopano ankamera m'mbali mozungulira ngati mikanda. Anafika m'khosi, kuseri kwa makutu, mpaka kuzungulira kamwa. Ankayabwa koopsa, mwana ankadzikanda mpaka kutuluka magazi. Ku chipatala chaching'ono anawapatsa mankhwala a zilonda, kenako ena a mphere, koma matuza anangopitiriza ulendo wawo.

Anthu nawo sanachedwe. Abale, pakamwa pa anthu! Wina anati mwana wapsa ndi madzi otentha ndipo makolo akubisa. Mkazi wa wometa ananong'oneza anzake kuti m'shopu ya telala simbi imakhala yotentha tsiku lonse, ndiye mukuganiza kuti chachitika n'chiyani. Amayi amene ankaloza Kabatani kuti awasokere zofanana naye, tsopano ankakoka ana awo akamuona pakhomo. Zimenezi zinawapweteka a Telala, ndipo zinawakwiyitsa, koma nawonso sankadziwa chimene chikudya mwana wawo.

Pomalizira pake anawatumiza ku chipatala chachikulu kwa dokotala wa khungu, mayi wodekha wovala magalasi. Anadula kachidutswa kakang'ono ka khungu la mwana n'kukatumiza kokapima. Zotsatira zitabwera, anawakhazika pansi onse awiri.

"Bambo, mwati ndinu telala?"

"Eya, adokotala."

"Ndiye mumva msanga. Jekete lili ndi nsalu ya kunja ndi ya m'kati, zosokedwa pamodzi. Khungu nalonso lili choncho. Mwa mwana wanuyu, asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi matenda, asokonezeka. Akudula ulusi wogwirizanitsa nsalu ziwirizo. Pamene padukapo pamalowa madzi, ndiye thuza limenelo."

"Tinalakwitsa chiyani?" anafunsa amayi a Kabatani, mawu ali pansi, zomwe sizinali zawo.

"Palibe. Simunamuotche, sanadye choipa, ndipo sangapatsire mwana wina ngakhale atagona mphasa imodzi. Ndi matenda osowa, ineyo ndawaonapo mwa ana ochepa kwambiri. Mankhwala alipo, akumwa ndi opaka, ndipo tizimuyeza magazi pafupipafupi. Kwa ana ambiri amadzatha okha akamakula. Koma khungu lakeli musalivutitse. Chilichonse chokhula chimaphulitsa matuza."

A Telala anamva zonsezo, anagwedeza mutu, ndipo za jekete zija anazimvetsa kuposa aliyense. Koma mawu akuti chokhula anawadutsa. M'maganizo mwawo chokhula chinali nsalu yotchipa ndi misoko ya atelala aulesi. Misoko yawo ayi.

Amayi a Kabatani sanachite zambiri zoganiza. Anatenga sikipa yakale yofewa, kuitembenuza, n'kumuveka mwana. Kabudula wam'kati chimodzimodzi. A Telala atabwera kuchokera ku shopu n'kupeza mwana wawo misoko ili pamtunda, kachikwangwani ka fakitale kakulendewera kumbuyo kwa khosi, anaima pakhomo ngati aona njoka.

"Mayi ake, mwana wavala chotembenuza."

"Ndaona. Ndamuveka ndine."

"Mwana wa telala?"

"Mwana wa matuza. Utelalawo muusiye ku shopu."

A Telala sanagonje. Anati mumtima mwawo, vuto ndi loti sikipa imeneyi ndi ya m'sitolo. Mwana wanga akufunika chovala chosokedwa ndi munthu wodziwa. Ndiye anasankha nsalu yokongola ya maluwa, anadula, anasoka kadiresi ka kolala, ka lasitiki m'chiuno, misoko yopinda kawiri yobisika bwino lomwe. Ngakhale amalume awo akanadzuka, lezala ikanakhala m'thumba. Ankafuna kuti mwana asangalale, zimenezo n'zoona. Koma ankafunanso kuti a ku chipatala aone kuti uyu si mwana wotayika, ndipo zimenezonso n'zoona.

Tsiku lokayezetsa magazi litafika, amayi anali ku ntchito, ndiye opita ndi mwana anali iwo. Anamuvula sikipa ija n'kumuveka diresi. Kabatani anazungulira kamodzi pa galasi, anamwetulira, ndipo mtima wa bambo ake unakhala m'malo. Koma m'basi munali mothithikana ndiponso motentha. Mwana anayamba kunyanyuka pamiyendo pawo.

"Ababa, likuluma."

"Pirira mama, n'latsopano. Lizolowera."

"Likuluma, ababa."

"Tatsala pang'ono kufika."

Ku chipatala, namwino wamkulu thupi, wa manja ofewa, anayesa kukweza diresi, ndipo Kabatani anakuwa. Nsalu inali itamatirira. Namwinoyo anainyowetsa pang'onopang'ono ndi madzi a mchere, koma lasitiki ya m'chiuno inakana kudutsa popanda kukhula. Anayang'ana pa tebulo lake kufuna sizasi, sanaione msanga. A Telala anapisa m'thumba n'kumupatsa kasizasi kawo. Anaima pomwepo kuonerera diresi lawo likudulidwa kuchokera pa mpendero mpaka pa kolala.

Nsalu itachoka, anaona. Kuchokera m'khwapa kutsika mpaka m'chiuno, mbali zonse ziwiri, matuza anali ataphulika motsatana pa mzere umodzi. Kuzungulira mimba kunali mzere wina wofiira, wonyowa. Mizereyo inali yowongoka, yosakhota ngakhale pang'ono, ndipo a Telala anaizindikira. Unali msoko wawo. Namwino sanawakalipire. Anangoti, "Bambo, mugwireni dzanja, ndikufuna kutsuka." Atatambasula dzanja, Kabatani anabweza lake n'kugwira chitsulo cha bedi.

Kunyumba amayi a Kabatani anaona mabandeji, anaona diresi lodulidwa m'jumbo, anayang'ana amuna awo. Aliyense wowadziwa akanayembekezera mvula ya mawu. Koma anangonyamula mwana n'kulowa naye kuchipinda, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kukalipa.

Kuyambira tsiku limenelo Kabatani anakana kuvala. Ankangodzifunda kansalu kakale ka pabedi kamene kanafewa ndi kuchapa, basi. Akaona bambo ake atanyamula nsalu iliyonse, ngakhale thaulo, ankathawira kuseri kwa kabati. Amayi ake akamunyengerera, yankho linali limodzi: "Za ababa zimaluma." Anakana ngakhale sikipa yotembenuza ija, chifukwa kwa iye chovala chilichonse chinali cha ababa. Ku shopu anasiya kupita. Azakhali ake ndi amene ankabwera kudzakhala naye masana, ndipo pansi pa tebulo lodulira nsalu panangotsala chitini cha mabatani.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala anayamba kugwira. Matuza atsopano anachepa, zilonda zambiri zinauma n'kusiya timadontho takuda. Dokotala anati mwana akhoza kusewera ndi anzake, ndipo ndi bwino atero. Aphunzitsi a sukulu ya mkaka ya kumapeto kwa msewu, atamva kuti si matenda opatsirana, anabwera okha kudzanena kuti malo ake alipo. Chotsala chinali chimodzi chokha. Mwana sangapite ku sukulu atafunda nsalu ya pabedi. M'mawa uliwonse Kabatani ankakwera pa mpando pa zenera kuonerera anzake akudutsa ndi timayunifomu tawo ta buluu, ndipo bambo ake ankamuona ali pomwepo akamatseka geti. Zinkawadya. Munthu woveka msewu wonse analephera kuveka mwana wake mmodzi.

Apa m'pamene anaonetsa kuti amalume aja sanangowaphunzitsa kunyada kokha, anawaphunzitsanso kuuma mutu pa ntchito. Anagula nsalu ya thonje lokhalokha, anaichapa, kuyanika, kuichapanso, mpaka inafewa ngati yakale. Anadula timizere, ndipo pa kalikonse anasoka msoko wa mtundu wake: wopinda kawiri, wopinda kamodzi, wogoneka, wa ulusi wa nayiloni, wa ulusi wa thonje. Kenako ankamanga timizereto pa thupi lawo, m'khwapa, m'khosi, pansi pa lamba, n'kugwira nato ntchito tsiku lonse m'kutentha kwa shopu. Wometa atasuzumira n'kuwapeza avula malaya akudziyang'ana m'khwapa pa galasi loyesera zovala, anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Achimwene, ntchito yakukanikani mwayamba kudzisoka nokha?"

"Pitani mukamete anthu."

Madzulo aliwonse akamasula timizere tija, ankapeza chinthu chomwecho. Msoko uliwonse, ngakhale umene ankaunyadira kwambiri, unkasiya kamzere pa khungu. Pa khungu lawo la munthu wamkulu, lolimba. Kansalu kokhako kamene sikanasiye chizindikiro ndi kamene tsiku lina anakamanga molakwitsa, msoko uli kunja. Anakhala pa mpando nthawi yaitali atakagwira m'manja.

Atafika kunyumba anapeza akazi awo akutsuka mbale.

"Mayi ake, paja munatembenuza sikipa paja, munalondola."

"Mwati bwanji? Madziwa akusokosa."

"Ndati munalondola."

"Bwerezaninso, khutu ili linatha ndi makina a ku fakitale."

"Mayi ake."

Mayiwo anaseka, koyamba m'masabata ambiri, kenako anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja la thovu. "Ndiye pitani mukasoke, a Telala. Mwanayu akukulira pa zenera."

M'mawa mwake anadula nsalu ya buluu, mtundu wa yunifomu. Poyala zidutswa ziwiri kuti msoko ugwere kunja, manja anakana, ankangotembenuza okha monga anazolowera. Anadzuka n'kutseka chitseko cha shopu kuti odutsa asaone. Anakhala pansi, anayang'ana chitsekocho, anachita manyazi ndi manyazi awo omwe, ndipo anadzukanso kukachitsegula chonse. Anasoka. Mpendero anaupindira kunja. Kolala sanaikepo, lasitiki ayi, zipi ayi. Pa mapewa anaika timalamba tofewa tomanga chakunja. Koma poti telala ndi telala, sakanasiya misoko ili yosasamalika. Uliwonse anaukuta ndi kansalu kachikasu, mzere wowongoka wooneka munthu ali kutali. M'kati mwa diresi munali mosalala moti atatseka maso n'kuyendetsamo tsaya, sanapeze pamene nsalu zakumana.

Diresi linatha, koma wolivala anali atanena kale kuti za ababa zimaluma. Akanalibweretsa m'manja, mwanayo akanathawira kuseri kwa kabati. Ndiye anachita chinthu chimene mpaka lero wometa amachisimba. Anasoka malaya awoawo mwa njira yomweyo, nsalu yomweyo, misoko yachikasu ili kunja, n'kuwavala. Munthu amene ankadula ulusi pa zovala za alendo anayenda msewu wonse, masana dzuwa likuswa mtengo, atavala malaya ooneka otembenuza. Wokonza mafoni anawaitana kuti awauze mwakachetechete. Ana anawaloza. Mkazi wa wometa anati matenda a mwana awasokoneza mutu. Iwo ankangoti, "Zikomo, ndikudziwa," n'kupitiriza.

Diresi analikoleka pa msana wa mpando kunyumba. Tsiku loyamba Kabatani analizungulira patali. Tsiku lachiwiri anayang'anitsitsa malaya a bambo ake nthawi yonse ya chakudya. Tsiku lotsatira, iwo atakhala pansi akuvula nsapato, anamva kaphazi kakuyandikira.

"Ababa, mwavala molakwika."

"Ayi mama, ndasoka choncho."

"Sakuluma?"

"Lowetsa dzanja uone."

Anaima kaye, nsalu yake ya pabedi ataigwira pachifuwa. Kenako analowetsa zala m'mkono wa malaya, kuyenda nazo mpaka pa chigongono, kufufuza mano. Sanawapeze. Anapita pa mpando paja, analowetsa dzanja m'diresi, kenako mutu wonse, n'kukhala m'menemo kanthawi ngati akumvetsera. A Telala anapitiriza kumasula chingwe cha nsapato chimene chinali chitamasuka kale. Mwana anatulutsa mutu n'kubwerera kukakhala pa zenera.

M'mawa mwake a Telala akumwa tiyi, anamva mawu kuchipinda: "Amama, dzandimangeni timalambati."

Anatuluka atavala. Timadontho takuda tinali m'khosi, bandeji imodzi inkaonekera pa ntchafu, mafuta opaka akunyezimira kuzungulira kamwa. Anayenda pang'onopang'ono, manja atawatalikitsa ku thupi, kudikira kuti lilume. Anakweza mkono umodzi, anakweza wina. Anadumpha kamodzi. Kenako anapita kwa bambo ake n'kugwira dzanja lawo lamanja, lija analikana ku chipatala, n'kunena kuti achedwa.

Anayenda awiriwo, wamkulu ndi wamng'ono, onse misoko yachikasu. Atatsala pang'ono kufika pa geti la sukulu anakumana ndi mayi wina wa mu ofesi, kasitomala wawo wakale, wosoketsa masuti, munthu wabwino koma wosadziwa kusunga mawu m'kamwa.

"Aa, a Telala, kwagwanji? Mwana wavala chotembenuza, inunso chimodzimodzi. Bwera kuno mwanawe ndikukonze, anzako angakuseke."

Anawerama, dzanja likupita pa lamba wa paphewa. A Telala anaona zonse zikubwerera, kabati, nsalu ya pabedi, zenera. Asanapeze mawu, Kabatani anabwerera m'mbuyo pang'ono, osasiya dzanja lawo.

"Musagwire. Si chotembenuza. Kosalala kuli m'kati chifukwa ine ndili m'katimo." Anayang'ana mayiwo m'maso n'kuwonjeza, monga munthu wouza mlendo chinthu chimene aliyense amadziwa: "Asoka ndi ababa. Za ababa siziluma."

Matenda aja anatenga zaka zingapo, akuchepa, akubwerako pang'ono, mpaka anazimiririka monga ananenera dokotala. Kabatani lero ndi mtsikana wa ku sekondale, amavala za m'sitolo, ndipo amatsutsana ndi bambo ake za kutalika kwa siketi. Tizovala ta pa waya tija n'ta ana ena amene namwino wa manja ofewa uja amawalozera ku kashopu kameneka, ena a matuza, ena akupsa, ena a khungu losachedwa kunyuka. A Telala amatisoka chitseko chili chotsegula, ndipo kasizasi kakadali m'thumba, anthu a ulusi wolendewera sanapume.

Koma mukawafunsa za tsiku lija, sayamba ndi mawu a mwana, chifukwa akafika pamenepo mawu awo amathawa. Amayamba ndi mayi wa mu ofesi. Amati pa mkono wa jekete lake pankalendewera kaulusi, kotalika ndithu, koyera pa nsalu yakuda, ndipo iwo anakaona bwinobwino. Kasizasi kanali m'thumba la kumanja. Koma dzanja lamanja linali litagwiridwa, ndipo sanafune kulipempha. Anakasiya kakulendewera, n'kulowa ndi mwana wawo pa geti.